Chibwenzi choyamba ndi ntchemberembaye: chimene chimachitika mumtima mwa mwana wa Fomu 3

Mukacheza ndi makochi a matimu a atsikana m'masekondale athu, kaya a ntchemberembaye kaya a mpira wamiyendo, pali nkhani imodzi imene imabwerabwera. Wosewera wabwino nthawi zambiri sabwera tsiku limodzi n'kunena kuti akochi ine ndasiya, amangozimirira pang'onopang'ono. Mwana amene ankafika pagiraundi anzake onse asanafike, amene ankathira yekha phulusa m'mizere mvula ikafufuta, amayamba kufika mochedwa, kenako Lachitatu osaoneka akuti mutu, Lachisanu akuti amayi anandituma kuchigayo, pofika teremu yachitatu bibu yake ya GA, malo a woponya zigoli, yavalidwa ndi wina. Anzake amakhala akudziwa kalekale, akuluakulu ndi amene amamva pomaliza. Pali mnyamata wina wa Fomu 4 amene amamudikira kuseri kwa labu 4 koloko yomweyo imene timu imayamba kuthamanga.

Akuluakulufe tikamva zimenezi mawu amakhala ali pakamwa kale, walowerera, wayamba zibwenzi, wapenga ndi anyamata. Ndipo chochita timachidziwanso, kumukalipira, kumulanda foni, pena kumuletsa ndi mpira womwewo kuti iwe kuyambira lero uzikhala pakhomo uziwerenga basi. Ine ndimaona kuti apa timalakwitsa kwambiri, ndipo timalakwitsa chifukwa sitinakhale pansi kumvetsa chimene chikuchitika mkati mwa mwanayo. Tikukamba za mwana wa zaka 15, 16 kapena 17 amene zinthu ziwiri zamugwira nthawi imodzi, munthu woyamba kumufila, ndi chinthu chimene wakhala akuchikonda kuyambira ali ku pulayimale. Ndatenga mtsikana wa ntchemberembaye, koma mutha kuikapo mnyamata wa kwaya, kapena uja amajambula zithunzi kumapeto kwa kope lililonse, kapena uja amangokhalira kumasula mawailesi akufa, zambiri zimafanana.

Tiyambe ndi kumufilako, chifukwa ndi kumene timakupeputsa. Zimene akumvazo si zongopeka ayi, zili m'thupi ndithu. Mu 2005 akatswiri ena ku America, mwa iwo Arthur Aron, Helen Fisher ndi Lucy Brown, anatenga anthu 17 amene anali m'chikondi chatsopano chotentha, n'kuwalowetsa m'makina ounika ubongo aja a MRI, kumawaonetsa chithunzi cha wokondedwa wawo kenako cha munthu wina wongomudziwa. Pa chithunzi cha wokondedwa, mbali za ubongo zimene zinkagwira ntchito kwambiri ndi zimene zimayendera dopamine, makamaka kadera kotchedwa ventral tegmental area ndi kena kotchedwa caudate. Anthu ambiri amangoti dopamine ndi ya chisangalalo, koma ntchito yake yaikulu ndi kukufunitsa chinthu, kukuuza kuti ichi ndiye chofunika, chitsate, usachisiye. Ndi njira yomweyo imene imagwira ntchito munthu wanjala akamasakasaka chakudya. Anthu a mu kafukufukuyo anali akuluakuluko kale, azaka za kukoleji, ndiye taganizani zikamugwera mwana amene sanayambe wazimvapo, alibe chofanizira, sakudziwa kuti zimatsika zokha.

Ku Pisa, m'dziko la Italy, dokotala wa matenda a maganizo Donatella Marazziti mu 1999 anayeza magazi a anthu 20 amene anali atangogwa m'chikondi, n'kupeza kuti mmene thupi lawo linkayendetsera serotonin, mankhwala achilengedwe a m'thupi okhudza maganizo, zinkafanana ndi za anthu odwala OCD, matenda aja munthu amangoganiza chinthu chimodzi mobwerezabwereza osatha kuchichotsa m'mutu. Ena mwa iwo atawayezanso patapita chaka ndi miyezi, zinali zitabwerera mwakale. Pamenepa pali zinthu ziwiri zofunika. Mwana akamati sindikutha kusiya kumuganiza, akunena zoona, si mwano. Komanso kutentha kumeneku kuli ndi nthawi yake, kumatsika, ngakhale kwa anthu amene amadzakwatirana n'kukhala limodzi mpaka ukalamba.

Ndiye pali china chimene makolo athu sanakumane nacho mmene ana a lero akukumanira nacho, foni. Wolfram Schultz ndi anzake, poyeza ubongo wa anyani, anaona kuti maselo a dopamine amachangamuka kwambiri pamene nyaniyo sakudziwa ngati apatsidwe juwisi kapena ayi, kuposa pamene akudziwa kuti apatsidwa ndithu. Kusadziwako ndi kumene kumagwira. Tsopano muoneni mtsikana uja 11 koloko usiku, wafunda bulangete mpaka kumutu kuti kuwala kusaoneke, foni ndi yobwereka ya achemwali ake, bandulo ya WhatsApp anagula ndi ndalama imene amayenera kudyera pa buleki. Watumiza meseji, matiki awiri asanduka a buluu, pamwamba palembedwa kuti akulemba, kenako zasiya. Ali online koma sakuyankha. Mwana amene uja amadikira mphindi 40, akubwereza kuwerenga zimene walemba yekha kuti mwina ndalakwitsa penapake, ndipo yankho likabwera, ngakhale likhale ka mtima kamodzi kokha, thupi lonse limamasuka ndiye ayambirenso kudikira lina. Kale kalata inkadutsira kwa mnzako, yankho limabwera mawa kapena mkuja, pakati pake moyo umapitirira. Lero kudikirako kulibe nthawi yopuma.

Onjezeranipo msinkhu. Kuyambira chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, Jay Giedd ndi anzake ku America ankaunika ubongo wa ana omwewo chaka ndi chaka akamakula, ndipo zinaoneka kuti mbali ya kutsogolo, kuseri kwa chipumi, imene imathandiza munthu kudziletsa, kukonza za mawa ndi kuyeza chotsatira, imapitiriza kukhwima mpaka munthu atadutsa zaka 20. Pamene mbali yofuna zokoma ija imakhala itachangamuka kale kuyambira pa kutha msinkhu. Koma apa tisamale, izi sizikutanthauza kuti mwana wa zaka 16 ndi wopusa. Mukamukhazika pansi ali phee, amaganiza bwinobwino pafupifupi ngati wamkulu, ndipo akhoza kukuuzani yekha kuipa kojomba training kuposa mmene inu mungamuuzire. Vuto limabwera mtima ukatentha komanso anzake akakhalapo. Margo Gardner ndi Laurence Steinberg mu 2005 anapatsa anthu gemu yoyendetsa galimoto pa kompyuta, achinyamata akakhala okha ankasamala ndithu, koma anzawo akangokhala pambali kumaonerera ankachita zangozi zambiri, pamene akuluakulu sankasintha kwenikweni.

N'chifukwa chake mtsikana uja m'mawa amalumbira kuti lero ndipita ku training, nsapato waika kale m'chikwama, ndipo akulumbira ndi mtima wonse. Koma 4 koloko ikakwana, mnyamata waima apo, anzake awiri akumugwedeza ndi chigongono kuti taona akukudikira, chisankho cha m'mawa chija chimasungunuka. Madzulo amadziimba mlandu. Mawa zomwezo. Ndiye wamkulu akamabwera ndi ulaliki woti kodi sukudziwa kuti tsogolo lako lili pa sukulu ndi mpira, akumuuza chinthu chimene akuchidziwa kale, chimene chikumupweteka kale. Chimene akusowa ndi thandizo pa mphindi ya 4 koloko ija.

Tsopano mbali inayo, mpirawo. Kukonda chinthu kumakula mwa mtundu wina. Suzanne Hidi ndi Ann Renninger mu 2006 anafotokoza kuti chidwi chimayamba ndi kanthu kakang'ono kokukopa, mwina unaona achemwali ako akuponya mpira wa mapepala pa ring'i ya waya, kenako chimafuna anthu ena ochisunga, mphunzitsi, timu, mnzako wopita naye, ndipo patapita nthawi yaitali ndi pamene chimafika poti munthu amadzituma yekha popanda womukankha. Ana ambiri a Fomu 2 ndi Fomu 3 ali pakatikati pa ulendo umenewu, chidwi chilipo chachikulu koma chikudalirabe anthu ndi chizolowezi. Mukachotsa chizolowezicho kwa teremu imodzi chikhoza kuzima. Komanso malipiro a mpira amachedwa. Uponye kambirimbiri tsiku lililonse dzuwa likuswa mtengo, mawondo atupe, ugwe pa dothi louma, kuti mwina patatha miyezi itatu udzaone kuti dzanja lawongoka. Meseji imalipira pompopompo.

Pachichewa timati moto wa mapesi, ndipo anthu amagwiritsa ntchito mawuwa monyoza, koma aliyense amene anayatsapo mapesi akudziwa kuti moto wake umawala kwambiri ndipo umawotcha zenizeni. Chibwenzi choyamba chili choncho. Luso la mwana lili ngati chikuni chachikulu chimene chimanyeka mwakachetechete mpaka m'mawa, ukaima pafupi ndi mapesi akulilima chikunicho suchiona n'komwe, umayesa chazima. Mwana akamati mpira sukundisangalatsanso, nthawi zambiri si kuti wasiya kuukonda, wangophimbika.

Ndanena kuti nthawi zambiri, chifukwa pena zimakhala zoona kuti watopa nawo, ndipo mnyamatayo wangokhala khomo lotulukira. Izi makochi sakonda kuzimva. Mwina mwanayo wakhala pa benchi chaka chonse, mwina amatukwanidwa pamaso pa anzake akaphonya, mwina akusewera osavala pamene anzake ali ndi nsapato ndipo wayamba kuchita manyazi ndi thupi lake limene likusintha, siketi yaifupi ija anthu akuonerera. Mwinanso mpirawo sunali wake kwenikweni, anali kusewerera bambo ake kapena aphunzitsi. Robert Vallerand wa ku Montreal ndi anzake mu 2003 anasiyanitsa mitundu iwiri ya kukonda chinthu. Pali kukonda kumene munthu wasankha yekha ndipo kumagwirizana ndi mbali zina za moyo wake, akhoza kusewera n'kukhalanso ndi anzake, n'kuwerenga, n'kupuma. Ndiye pali kukonda kokakamizika, kumene munthu amamva kuti popanda ichi ine si kanthu, akaphonya tsiku limodzi amadzida. Mwana wa mtundu wachiwiriwu ndi amene amasweka kwambiri chibwenzi chikabwera, chifukwa m'mutu mwake mulibe malo a zinthu ziwiri, ndiye amalumpha kuchoka ku chimodzi chathunthu kupita ku china chathunthu. Choncho musanaweruze mnyamata uja, funsani kaye ngati pagiraundi panali pabwino.

Pansi pa zonsezi pali funso limene mwana wa msinkhu umenewu akulimbana nalo ngakhale salitchula, loti ine ndine ndani. Katswiri wa za maganizo Erik Erikson anaika funso limeneli pakati penipeni pa unyamata. Kwa zaka zingapo yankho la mtsikana uja linali losavuta, ndine shuta wa timu ya sukulu. Tsopano wabwera munthu amene akumuona mwa mtundu wina, akumuuza kuti ndiwe wokongola, ndipo kwa nthawi yoyamba wasankhidwa osati chifukwa cha zigoli. Musachepetse zimenezo, n'zazikulu. Arthur Aron yemwe uja pamodzi ndi Elaine Aron anafotokozanso kuti munthu akagwa m'chikondi amayamba kutenga za mnzakeyo kukhala zake, ndiye mudzaona mwana amene sankalabadira mpira wa ku England wayamba kusapota Arsenal, nyimbo zasintha, kayankhulidwe kasintha. Zimenezi zokha si vuto, ndi mmene anthu timakulira. Chofunika kuyang'ana n'chakuti kodi mwanayo akuwonjezera zinthu pa moyo wake kapena akuchotsa.

Apa ndi pamene ine ndimaima kwambiri, chifukwa anyamata awiri akhoza kuoneka ofanana poyamba koma ali kutali. Wina akamva kuti pali gemu Loweruka amabwera, amakhala pachulu ndi anzake kumakuwa, gemu ikatha amati iwe lero unali moto, koma kota yachitatu ija unatopa eti. Training ikakhalapo amati pita, tionana ukamaliza, ndikuperekeza. Winayo amayamba mofatsa, lero lokha usapite, ndakusowa. Sabata yamawa, kodi mpirawo ndi ine chofunika n'chiyani. Kenako, ukapita ku gemu ya kutali ija ndiye kuti sumandikonda, ndamva kuti kumakhala anyamata a timu ina, ndipo akochi akowo amakuyang'ana bwanji. Mtsikana wa zaka 16 akamva zimenezi amaziona ngati chikondi chachikulu, kuti munthu akundichitira nsanje ndiye kuti ndine wofunika. Koma uku ndi kuyamba kulamulira, ndipo munthu amene wakuchotsa pagiraundi lero mawa akuchotsa kwa anzako, mkuja akufunsa pasiwedi ya foni. Nthawi zambiri mnyamatayo si chilombo ayi, nayenso ndi mwana, ali ndi mantha kuti amulanda, akungotengera zimene amaona kwa akuluakulu a m'mudzi mwake. Koma kumumvetsa sikusintha zimene zikumuchitikira mtsikanayo.

Anthu amakonda kutchula mwambi woti mapanga awiri avumbwitsa, kuti sankha chimodzi. Pa nkhani iyi ine ndimakana. Tawerengani maola. Timu ya sukulu imapanga training mwina masiku atatu pa sabata, maola awiri awiri, kuphatikiza gemu Loweruka. Pa sabata yonse imeneyo ndi nthawi yochepa, palibe chibwenzi chabwino chimene chingafe chifukwa cha maola amenewo. Chimene chimadya mwana ndi usiku. Akatswiri a za tulo amati wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 amafunika kugona maola 8 mpaka 10, ndipo pa msinkhu umenewu thupi limayamba lokha kuchedwa kumva tulo. Ndiye ngati akucheza pa foni mpaka 1 koloko, 5 koloko adzuke kukatunga madzi, kusesa, kuyenda mtunda kupita ku CDSS, pofika madzulo miyendo ilibe mphamvu, akuphonya mipira yosavuta, akochi akukalipa, ndipo iye amayamba kukhulupirira kuti luso latha. Luso lilipo, mwana sakugona. Masamu nawonso amagwera pomwepo, ndipo MSCE siyidikira.

Chinanso chimene mwana sangachione yekha n'chakuti zinthu ziwirizi sizili ndi nthawi yofanana. Kukonda ndi kukondedwa kulibe malire a zaka, adzakumana nako pa 20, pa 25, pa 40. Masewera ali ndi zitseko zimene zimatsekeka, under 17, under 20, ukadutsa wadutsa. Tabitha Chawinga wa ku Rumphi anapita kukasewera mpira wamiyendo ku Sweden mu 2014 ali ndi zaka pafupifupi 18, ndipo kuchokera kumeneko anadutsa ku China, Inter Milan, Paris Saint-Germain mpaka Lyon. Mng'ono wake Temwa mu 2024 anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current, chiwerengero chimene panalibe anachifikapo mu sizoni imodzi. Mwai Kumwenda wa ku Mzimba anayamba ndi mipira yomanga ndi mapepala a pulasitiki, n'kudzafika posewera ntchemberembaye ku Australia ndi New Zealand. Onsewa zaka zimene anaumba luso lawo ndi zomwezi za 14 mpaka 18. Sindikunena kuti mwana aliyense wa pagiraundi ya fumbi adzafika ku Lyon, ambiri sadzafika, ndipo si chifukwa chokhacho chosewerera. Ndikungonena kuti teremu ziwiri zotayika pa zaka 16 n'zodula kuposa mmene zimaonekera. Wojambula kapena wolemba ndakatulo ali ndi mwayi pang'ono, akhoza kudzatolanso pensulo pa zaka 30, ngakhale naye akasiya nthawi yaitali kubwerera kumavuta.

Ndipo kuno kwathu mtengo wake sugwa mofanana pa mnyamata ndi mtsikana. Kafukufuku wa dziko lonse wa za umoyo wa 2015 mpaka 2016 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 aliwonse a zaka 15 mpaka 19 anali atabereka kale kapena anali ndi mimba yoyamba. Malamulo akulu a dziko anasinthidwa mu 2017 kuti munthu asalowe m'banja asanakwane zaka 18, ndipo ndondomeko yolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka ilipo kuyambira 1993, koma aliyense amene anakhalapo pafupi ndi sukulu ya kumudzi akudziwa kuti kubwerera m'kalasi n'kovuta, kubwerera pagiraundi n'kovuta koposa. Mnyamata uja Loweruka lotsatira amakhala ali mu jezi yake akusewera. Ndiye amayi akamachita mantha sakupenga ayi, mantha awo ali ndi maziko. Kungoti mantha akasanduka kukuwa ndi kutseka zitseko, chibwenzicho sichitha, chimangolowa pansi, ndipo chibwenzi chobisika ndi chimene chimathera ku mimba, chifukwa mwana alibe womufunsa chilichonse, ngakhale kupita kuchipatala kumene kuli thandizo la achinyamata amaopa kuti aonedwa.

Pano ndisiyanitse chinthu chimodzi mosapita m'mbali. Zonse ndikukambazi ndi za ana awiri a msinkhu wofanana. Ngati munthuyo ndi bambo wamkulu, wa galimoto, wa shopu, mphunzitsi, kapena kochi amene, chimenecho si chibwenzi choyamba, ndi chidyamakanda, ndipo ndi nkhani ya kupolisi ndi a zachitetezo cha ana. Nambala yaulere ya 116 ilipo pa zimenezi.

Anyamata nawo zimawagwera, kungoti mwa njira ina imene sitiikamba kawirikawiri. Mnyamata wa zaka 16 akafila mtsikana, chimene chimamupanikiza ndi ndalama ndi maonekedwe. Anzake amuuza kuti mkazi sasungidwa ndi mawu, pamafunika mayunitsi, tchipisi, ka mphatso pa birthday. Ndiye nthawi imene ankapita ku kwaya kapena kukaphunzira gitala kwa mkulu wina wa kutchalitchi akuipereka ku ganyu, kusenza katundu pamsika, kubwereka njinga ya ankolo kupanga kabaza. Ena amasiya chifukwa cha manyazi chabe, kujambula makatuni kwayamba kuoneka ngati zachibwana, kuimba tenala pakati pa amayi a kwaya sikukugwirizana ndi chithunzi cha mwamuna chimene akufuna kuonetsa. Zomvetsa chisoni n'zakuti nthawi zina mtsikanayo anakopeka ndi gitala yomweyo, ndipo palibe anamufunsa.

Tsopano chifukwa chachikulu chimene ine ndimalimbikira kuti mwana asasiye chimene amakonda si Lyon, ndi tsiku limene chibwenzicho chidzathe. Zibwenzi zoyamba zambiri zimatha, wina walemba MSCE wapita ku Lilongwe, wina wapeza wina, kapena kutentha kuja kwangotsika. Kwa wamkulu ndi nkhani yaing'ono, kwa mwana ndi imfa yoyamba. Scott Monroe ndi anzake mu 1999 anapeza kuti kutha kwa chibwenzi ndi chimodzi mwa zinthu zimene zimatsogolera matenda a kukhumudwa kwambiri kwa nthawi yoyamba mwa achinyamata, ndipo Kara Joyner ndi Richard Udry mu 2000, poona achinyamata masauzande ku America, anapeza kuti kulowa m'zibwenzi kunkawonjezera kukhumudwa makamaka kwa atsikana. Ndiye yerekezani atsikana awiri amene onse asiyidwa sabata imodzi. Wina Lolemba 4 koloko ali ndi kopita, pali anzake asanu ndi mmodzi amene akumudikira chifukwa popanda iye timu sikwana, athamanga, atuluka thukuta, alira pang'ono kuseri kwa ring'i, GK amukumbatira, usiku agona chifukwa thupi latopa. Winayo anasiya timu, anzake aja anatalikirana nawo, 4 koloko ikakwana ali yekha ndi foni imene sikuliranso, ndipo akuona mnyamata uja pa status ali ndi wina. Ululu ndi umodzi koma wina ali ndi pogwira. Ndiye chilango chomuletsa mpira chifukwa wayamba chibwenzi ndi chilango choipitsitsa chimene kholo lingapereke, mukumuchotsera chinthu chokhacho chimene chimapikisana ndi mnyamatayo.

Nanga wamkulu achite chiyani. Pa chikhalidwe chathu nkhani ngati izi mwana sakamba ndi bambo ake kapena amayi ake maso ndi maso, ndi ntchito ya azakhali, agogo, achemwali aakulu, alangizi, kusukulu kuli amayi a mother group ndi matroni. Njira imeneyi ndi yabwino, tisaitaye, kungoti isakhale ya kuopseza kokha. Nkhani zotere zimatuluka bwino manja ali pa ntchito, mukusadzula nkhwani kapena kusankha nyemba, maso ali pa lichero osati pa nkhope yake. Azakhali akhoza kungoyamba kuti, iwe mwana wanga, ndamva kuti kuli wina wake, ndi wotani, amakusangalatsa ndi chiyani. Mwana akaona kuti simunadumphe, amamasuka. Kenako mafunso enieni amabwera okha, kodi anabwerapo kudzakuonerera ukusewera, ukamuuza kuti uli ndi training amati chiyani, chiyambireni kucheza naye ndi anzako ati amene wasiya kuyenda nawo, ukakhala naye umamasuka kapena umasamala mawu aliwonse kuti asakwiye. Mayankho ake musawaweruze pompo, amve yekha zimene akunena, chifukwa ali phee amaganiza bwino monga tanena kale.

Ndipo thandizo lenileni ndi la pa 4 koloko ija ndi la usiku. Mnzake wa mu timu amutenge potuluka m'kalasi apitire limodzi, asadutse kuseri kwa labu yekha. Iye mwini amuuze mnyamatayo masiku a training poyera, Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu sindipezeka mpaka 6 koloko, ndipo aone mmene ayankhire, chifukwa yankho limenelo limuuza zambiri za munthuyo kuposa mameseji onse a usiku. Foni igone pabalaza pa ola limene mwagwirizana, osati ngati chilango koma lamulo la nyumba yonse, ndipo zimayenda bwino akuluakulu nawonso akamalitsata. Makolo amene angathe apite kukaonerera gemu ngakhale kamodzi pa teremu, mwana amene amayi ake anaimapo m'mbali mwa giraundi ndi chitenje chawo akukuwa dzina lake sasiya mpira mophweka.

Kwa makochi ndi aphunzitsi a masewera, mwana akajomba kawiri motsatizana musadikire teremu ithe, mutumeni kaputeni kapena mumuitane nokha pamalo oonekera, mumufunse za pagiraundi kaye musanafunse za mnyamata. Osamutchula pa asembule, osamupanga chitsanzo pamaso pa timu, mwana wochititsidwa manyazi amathawira kwa yekhayo amene sakumunyoza, ndipo mukudziwa kuti ameneyo ndi ndani. Ndipo amene anasiya kale akabwera tsiku lina n'kuima chapatali akuonerera, manja ali kumbuyo, ameneyo akupempha kubwerera koma pakamwa sipakutseguka. Muponyereni mpira. Ayambire pa benchi ngati wina aliyense amene wajomba, athamange maraundi ake, bibu aipeze ndi thukuta, zimenezo ndi chilungamo kwa anzake amene sanasiye, koma nkhani ya kumene anali miyezi yonseyi isakhale chiphaso cholowera.